Mungadziwe bwanji kuti nambala imagawika musanapeze zoigawa?

Mphunzitsi wina wa masamu wandilembera imelo. Akuti anawerenga kuti pali manambala aakulu omwe akatswiri amanena motsimikiza kuti ndi ogawika, koma palibe amene akudziwa nambala yomwe imawagawa. Funso lake ndi loti kodi limeneli si bodza? Munthu anganene bwanji kuti nambala si prime (nambala yosagawika ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe) pomwe alibe choigawira m'manja?

Aphunzitsi, si bodza ayi. Tiyambe ndi nambala yaing'ono yomwe mungalembe pa bolodi mawa m'mawa. Tengani 15. Chotsanipo 1, mupeza 14. Chulukitsani 2 maulendo 14, kutanthauza 2 × 2 × 2 mpaka ma 2 akwane 14, mupeza 16,384. Gawani ndi 15, chotsala ndi 4. Katswiri wa masamu wa ku France, Pierre de Fermat, anaona kuti nambala ikakhala prime yoposa 2, monga 7, chotsala pa mayeso amenewa chimakhala 1 nthawi zonse: 2 maulendo 6 ndi 64, kugawa ndi 7 chotsala 1. Tsono poti pa 15 tapeza 4, tadziwa kuti 15 ndi yogawika, ngakhale sitinatchule 3 kapena 5 paliponse. Mayeso akuuzani kuti nambalayo ili ndi zoigawa, koma sakukuuzani kuti ndi ziti.

Nambala yomwe ndimaikonda pa nkhaniyi ndi 147,573,952,589,676,412,927. Imeneyi ndi 2 wochulukitsidwa maulendo 67, kuchotsapo 1. Mu 1644 wansembe wa ku France, Marin Mersenne, anaiyika pa mndandanda wa manambala omwe iye ankati ndi a prime. Analakwitsa. Mu 1876 Édouard Lucas anaonetsa kuti imagawika, koma zoigawazo sanazipeze. Chodabwitsa n'chakuti mayeso a Fermat okhala ndi 2 aja sakanamuthandiza, chifukwa nambala imeneyi imapereka chotsala 1 ngati kuti ndi prime. Imanyenga, monganso 341, yomwe ndi 11 kuchulukitsa ndi 31. Lucas anachita kupanga njira yakeyake.

Padapita zaka 27. Mu October 1903, pa msonkhano wa American Mathematical Society ku New York, Frank Nelson Cole anapita pa bolodi ndi choko. Nkhani yomwe imafotokozedwa ndi yoti sanalankhule liwu limodzi. Mbali imodzi anawerengetsa 2 maulendo 67 n'kuchotsa 1, mbali inayo anachulukitsa 193,707,721 ndi 761,838,257,287 pamanja. Mayankho anafanana, iye n'kukakhala pansi.

Cole sanayese nambala iliyonse kuyambira 2 kukwera, akanamwalira ali pa ntchito yomweyo. Manambala a mtundu umenewu ali ndi khalidwe lothandiza: prime iliyonse yomwe imagawa nambala yathuyi iyenera kukhala 134 wochulukitsidwa ndi nambala ina, kuonjezerapo 1. Chifukwa 134 ndi 67 kawiri. Auzeni ana a Fomu 4 ayese okha pa kalukuleta: 193,707,721 kuchotsa 1 ndi 193,707,720, kugawa ndi 134 kumabwera 1,445,580 ndendende, popanda chotsala. Ine ndimakonda kuona nkhope zawo zikafika pamenepa.

Lero foni yanu ikhoza kuphwanya nambala ya Cole m'kamphindi. Koma kusiyana pakati pa kudziwa kuti nambala imagawika ndi kupeza zoigawa sikunathe. Nambala ya Fermat yotchedwa F20, yomwe ndi 2 wochulukitsidwa maulendo 1,048,576 kuonjezerapo 1, ya madijiti 315,653, inatsimikizidwa kuti ndi yogawika mu 1987, koma choigawa chake sichinapezekebe. Njira ya RSA yotetezera uthenga pa intaneti imadalira kusiyana komweku: kompyuta ikachulukitsa ma prime awiri aakulu zimatenga kanthawi kochepa, koma wina akapatsidwa yankho lokhalo kuti apeze ma prime awiriwo, ntchito imakhala yosatheka m'nthawi ya moyo wake. Nambala yopangidwa motero ya madijiti 129, yotchedwa RSA-129, yomwe wolemba za masamu Martin Gardner anasindikiza mu 1977, inadikira mpaka 1994, pomwe anthu pafupifupi 600 anaphatikiza makompyuta awo pa intaneti kuti aiphwanye.