Cornas wa 2010 uja: kodi akadali moyo?

Owerenga ena anditumizira imelo. Akuti anapatsidwa botolo la vinyo wofiira wa Cornas wa chaka cha 2010, lakhala m'kabati nthawi yonseyi, ndipo akufunsa kuti: "Ndilitsegule bwanji, nanga ndidziwa bwanji ngati vinyoyo ali bwino kapena anawonongeka?"

Akulu, muli ndi chinthu chabwino m'manja. Cornas ndi kamudzi ka kumpoto kwa chigwa cha Rhône ku France, ndipo lamulo lakumeneko limati vinyo wa dzina limeneli apangidwe ndi mphesa za Syrah zokhazokha, zomwe ku Australia amazitcha Shiraz. Anzawo a ku Côte-Rôtie, dera lina la vinyo m'chigwa chomwecho, amaloledwa kusakanizako mphesa zoyera za Viognier mpaka 20 peresenti, koma a ku Cornas ayi. Chaka cha 2010 mphesa zinachita bwino kwambiri kuderali. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi kabatiyo. Vinyo wosunga amafuna malo amdima, ozizira madigiri 12 mpaka 14, botolo litagonekedwa kuti cork, chotsekera chija cha pakamwa pa botolo, isaume. Kutentha kopitirira madigiri 25 kwa miyezi yambiri kumamukalambitsa msanga.

Choncho yambani ndi maso. Ngati cork yatukuka, kapena pakhosi pa botolo pali zomata zouma, ndiye kuti vinyo anatenthedwapo. Yezaninso mpata wa pakati pa cork ndi vinyo: masentimita 2 kapena 3 palibe vuto, koma ukaposa 5, mpweya unalowa wambiri.

Liimikeni botololo tsiku limodzi kapena awiri kuti masese akhazikike pansi. Syrah wakale amataya masese ambiri, ndipo si chizindikiro choti wawola. Kungoti akalowa m'tambula amawawa komanso amachita mchengamchenga mkamwa. Tsiku lomwera, vinyo akhale pa madigiri 16 mpaka 18. Kukakhala kotentha, mphindi 20 mufuriji zikwana. Zulani cork pang'onopang'ono poti yakale imanyenyeka, kenako thirani vinyo m'jagi yagalasi mosadukiza, tochi ikuwala pansi pa khosi la botolo. Mukangoona masese akufika pakhosi, lekani. Apa ambiri amalakwitsa: amamusiya m'jagi maola atatu ngati vinyo wa zaka zochepa. Ayi. Lawani nthawi yomweyo, ndipo muzilawanso pakatha mphindi 15 zilizonse. Fungo ndi kukoma zikamawonjezeka, mudikireni, akayamba kuzilala, imwani.

Thirani pang'ono, gawo limodzi mwa magawo atatu a tambula, nkuipendeketsa pamwamba pa pepala loyera. Pakati pakhale pofiira moderapo, m'mphepete mwayamba kufanana ndi njerwa yowotcha. Akakhala wabulauni yense ngati tiyi, nthawi yake inadutsa.

Mphuno ndiye woweruza wamkulu. Nunkhizani kaye musanazunguze tambula, chifukwa zolakwika zimamveka bwino pamenepo. Fungo la katoni yonyowa kapena chipinda chankhungu limachokera ku mankhwala otchedwa TCA a mu cork. Silichoka ngakhale mudikire bwanji. Fungo la viniga, kapena la apozi wodulidwa amene wada, ndi ntchito ya mpweya. La jamu wopserera ndi kutentha kuja. Lovuta kuweruza ndi la khola la ziweto, lomwe limadza ndi yisiti ya Brettanomyces. Likamamveka chapatali, ena amalikonda ndithu. Ine ndimati likaphimba zipatso, vinyoyo walephera.

Ngati zonsezi palibe, zunguzani tambula. Syrah wokhwima bwino amanunkhira nyama yowamba, utsi, maolivi akuda, chikopa, fodya wouma ndi dothi loti mvula yangogwa kumene, koma kunsi kwake zipatso zakuda ziyenera kumvekabe. Fungo la tsabola wakuda limene Syrah amatchuka nalo limachokera ku mankhwala a m'mphesa otchedwa rotundone, ndipo pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu salimva nkomwe, ndiye musakangane ndi mnzanu patebulo.

Mkamwa fufuzani zinthu zitatu. Choyamba ndi tannin, kuuma kuja kumene mumamva mukaluma nthochi yosapsa: pamsinkhu uwu ikhale yosalala, ngakhale Cornas sataya ukali wake wonse. Chachiwiri kuwawasa, kotulutsa malovu. Chachitatu zipatso. Zipatso zikatha nkutsala kuuma ndi kuwawasa kokha, vinyo wauma, ndipo kusunga mabotolo ena otere nkutaya nthawi. Tannin ikamaluma koma zipatso zili zambiri, akanatha kukhalabe zaka zina. Mukameza, werengani masekondi: kukoma kukakhala 30 kapena kuposa, muli ndi vinyo wapamwamba, kukazimiririka pasanathe 10, ndi wamba kapena watopa.

Mumwere nyama yowotcha ya nkhosa kapena ya ng'ombe yothira mchere wokha. Tsabola wowawa amapha fungo lonse lija. Ndipo mumalize botolo usiku womwewo, chifukwa vinyo wamsinkhu uwu akagona wotsegula, kawirikawiri m'mawa mumamupeza atazilala.