Masipeya a magalimoto akale: mmene timagulira kunja, ndi mkangano wosakaniza zaka

Mphwanga, wandifunsa zinthu ziwiri: mmene malonda obweretsa masipeya a magalimoto akale kuno ku Lusaka amayendera, komanso ngati n'koyenera kugulitsa munthu chitsulo cha galimoto ya chaka china pomwe yake ndi ya chaka china, poti wamva eni magalimotowa akukangana pa zimenezi. Kwa ine funso ndi limodzi. Wosadziwa kuti chitsulo cha chaka chiti chimalowa pa galimoto iti amangopita ku Johannesburg kukaona tauni, mpamba n'kuthera m'njira.

Poyamba dziwa kuti awa si malonda a masipeya a Corolla ndi Hiace amene adzaza m'masitolo a ku Panganani Road ndi Freedom Way. Kumeneko katundu amagulidwa m'makatoni ndipo amayenda tsiku lililonse. Ife makasitomala athu ndi ochepa: alimi a ku Chisamba ndi Mkushi amene akali ndi Land Rover zakale zija zotchedwa Series, a malo ogona alendo ku Mfuwe, mdala amene wasunga Peugeot 404 kapena 504 kuseri kwa nyumba ku Chilenje, anyamata okonda Beetle, ndi a Land Cruiser ya 40 kapena Datsun 1200. Sitigula katundu wongounjika. Timayendera maoda. Munthu amabwera ndi vuto lake, amapereka dipoziti yokwana kugulira chinthucho, ine n'kukachifuna. Ukagula ndi ndalama zako giyabokosi ya Series IIA poganiza kuti wina adzaifuna, idzakhala pakhonde mpaka ana ayisandutse mpando.

Polandira oda, chaka chimene mwini galimoto akutchula usachikhulupirire, ngakhale akuonetse white book, pepala la boma lolembetsera galimoto. Kawirikawiri chaka cha pa pepala chimakhala chimene galimoto inalembetsedwa kuno, osati chimene inatuluka m'fakitale. Komanso mafakitalewo sankawerenga chaka kuyambira January. A Volkswagen ankayamba chaka chawo mu August, moti Beetle yopangidwa mu September 1966 ku Germany imatchedwa ya 1967. Chimene ndimafuna ndi chithunzi cha nambala ya chasisi, cha nambala ya injini, ndi cha nambala ya pa giyabokosi ngati oda ndi ya kumeneko. Pa Land Rover ya Series IIA nambalazi zimathera ndi chilembo, A, B, C mpaka m'tsogolo, ndipo mabuku a masipeya amatsata chilembocho. Koposa zonse ndimafuna chitsulo chakufacho m'manja. Ndimachikulunga m'thumba n'kupita nacho. Wogulitsa wa ku sikirapu akati "n'chimodzimodzi", ndimaziika pansi zonse ziwiri, kuwerenga mano, kuyeza mabowo. Safunsa anadya phula.

Chifukwa chake n'chakuti galimoto ya zaka 50 kuno ku Zambia siikhala mmene inabadwira. Ian Smith wa ku Rhodesia, lero Zimbabwe, atatseka malire ndi Zambia mu January 1973, ndiye mtengo wa kopa n'kugwa cha m'ma 1975, ndalama zakunja zinasowa, masipeya nawo anasowa. Amakaniko a ku Matero ndi Chawama ankachotsa pa galimoto yakufa kuti yamoyo iyende. Magalimoto amene tikuwaona lero anapulumuka chifukwa chosakaniza komweko. Amene sanasakanizidwe ambiri anawola. Tayang'ana ma Fiat amene ankalumikizidwa ku Livingstone Motor Assemblers: anali ponseponse, lero ungayende Lusaka yonse osaona ndi imodzi yomwe.

Tsono nazi zimene zimagwetsa anthu.

Land Rover ya Series III inatuluka mu 1971, kulowa m'malo mwa IIA imene inayamba mu 1961. Kunja zimafanana kwambiri: zitseko, denga, mapiko (malata ophimba mawilo akutsogolo) zimasinthana popanda vuto lalikulu, ndipo ma IIA omaliza anali kale ndi nyali m'mapiko ngati Series III. Mkati ndi momwe muli nkhani. Giyabokosi ya IIA ili ndi synchro, yothandiza giya kulowa osakukuta, pa giya 3 ndi 4 pokha, ya Series III ili nayo pa magiya onse anayi, ndipo njira yokankhira kilatchi ndi yosiyana. Amene akufuna kuika ya Series III pa IIA umuuziretu kuti agule ndi bell housing yake (chigoba cholumikiza giyabokosi ku injini), slave cylinder yokankha kilatchi ndi paipi yake, apo ayi adzakuimbira foni usiku. Injini ya malita 2.25 inali ndi ma main bearing, ogwira crankshaft, atatu mpaka 1980, kenako asanu. Injini yonse imalowa, koma zamkati usaziyese n'zimodzi. Ma half shaft, zitsulo za m'ekiselo zozunguza mawilo, ena ali ndi mano 10, ena 24, ndipo Series III yaitali, yotchedwa 109, ili ndi ekiselo ya kumbuyo ya Salisbury imene siigwirizana ndi ya yaifupi, yotchedwa 88. Ma Land Rover a isanafike 1967 anali a positive earth, kutanthauza kuti waya wa + wa batire ndi umene unkamangidwa ku chasisi, ndiye wina akaika olitaneta yatsopano osatembenuza mawaya, utsi umatuluka. Mabawuti nawonso alipo a Whitworth ndi BSF, a UNF, ndi a metric, nthawi zina pa galimoto imodzi. Bawuti yolakwika imalowa mizere iwiri n'kudya mizere yonse.

Beetle ili ndi zake. Ku Germany anayamba kuchoka pa magetsi a 6 volt kupita pa 12 volt m'galimoto za 1967 zopita ku America, zambiri za ku Ulaya n'kutsatira m'za 1968, ndipo flywheel inasintha: ya 6 volt ili ndi mano 109, ya 12 volt 130. Munthu akagula injini ya 1600 kuti aike pa Beetle yoyambirira ya m'ma 1960, sitata yake yakale siiluma, bushi ya sitata ndi ina, ndipo mkamwa mwa giyabokosi mumafunika kupalapo pang'ono kuti flywheel izungulire. Kutsogolo anasiya king pin n'kuyamba ball joint m'galimoto za 1966, ndipo mabimu awiriwa sasinthana. Mawilo akale ali ndi mabowo asanu otalikirana, atsopano anayi. Zonsezi ndi zinthu zimene umayenera kufunsa usanakwere basi.

Pali china chimene ambiri sachiganizira. Katundu wathu wochuluka amachokera ku South Africa, ndipo magalimoto opangidwa kumeneko sankatsata ndondomeko ya ku Ulaya ndendende. Boma lawo linkalamula kuti gawo la zipangizo lizipangidwa m'dziko momwemo. Beetle inkapangidwa ku Uitenhage kuyambira 1951 mpaka 1979, ndipo zina zake zinali zosakaniza kuchokera m'fakitale momwe. Ma Land Rover ena a Series III a kumeneko anatuluka ndi injini za dizilo za ADE, zimene Mngelezi sanaikepo. Ndiye buku la masipeya la ku England likhoza kukunamiza pa galimoto ya ku sikirapu ya ku Pretoria. Ubwino wake n'ngwakuti zina zinakhalitsa: kapikapu ka Nissan 1400 kanapangidwa ku Rosslyn mpaka 2008, moti wa Datsun 1200 amapezako zambiri zomuthandiza. Wa Peugeot ayang'ane kumpoto, chifukwa 504 inapitirira kulumikizidwa ku Kenya ndi Nigeria mpaka zaka za m'ma 2000, ndipo katundu wake amabwera kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde. Za ku Dubai samala nazo: kumeneko chiwongolero chili kumanzere, ife kuno monga South Africa, England ndi Japan chili kumanja. Steering box ya kumanzere ndi chitsulo chabe, ndipo nyali zake zimaunika m'maso mwa amene ukupishana naye.

Za ulendo n'zosavuta. Basi umakwerera pa Intercity. Njira zilipo ziwiri: ya ku Chirundu, Harare ndi Beitbridge, kapena ya pa mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu May 2021, kudutsa Botswana. Ine ndimakonda ya Kazungula chifukwa pa Beitbridge mzere ukhoza kukudyera tsiku. Zing'onozing'ono monga ma gasket, ma seal, mabushi ndi kabyuleta zimabwera nane. Injini, ekiselo ndi giyabokosi ndimapereka kwa a mathiraki amene amasonkhanitsa katundu wa anthu ambiri. Uchotseretu oyilo yense, ukulunge bwino, ulembe dzina ndi penti. Galasi la kutsogolo ulipangire bokosi la matabwa, ndipo mtengo wa matabwawo uwerengere kasitomala.

Pamalire ndi pamene phindu limapezeka kapena kutayika. Ukhale ndi TPIN, nambala yokhomera msonkho ya ku ZRA, bungwe lotolera misonkho, ndi ejenti wokhoza kulowetsa katundu mu ASYCUDA, makina a kompyuta a kasitomu. Msonkho wa kasitomu umatengera gulu la chinthucho, ndipo pamwamba pake pamabwera VAT ya 16 peresenti, yowerengedwa pa mtengo wa katundu, mayendedwe ndi msonkho womwewo pamodzi. Anthu amanamizana kuti chilichonse chogulidwa ku South Africa chimalowa chaulere chifukwa cha SADC. Ayi. Chiyenera kukhala chopangidwa kumeneko ndipo chikhale ndi satifiketi yotsimikiza zimenezo. Pisitoni yopangidwa ku India kapena England, ngakhale uigule pakati pa Johannesburg, ilipira. Njira yapafupi ya COMESA ya amalonda ang'onoang'ono, ya katundu wosapitirira madola 2,000, nayonso siikukhudza, chifukwa South Africa si membala wa COMESA. Pa zitsulo zakale mkangano umakhala pa mtengo. Wa kasitomu akakayikira invoisi yako amaika mtengo wake, ndiye usachoke pa sikirapu popanda lisiti yodindidwa, ndipo ya injini ikhale ndi nambala ya injiniyo. Nambala ikaoneka yopalidwa, isiye ngakhale akupatse pa theka la mtengo. Mtengo wouza kasitomala uziuwerengera pa rand ya tsiku logula, pakuti kwacha siidikira munthu.

Tsopano mkangano uja. Eni magalimotowa ali pawiri. Alipo amene amafuna chilichonse chikhale cha chaka chake, mpaka mtundu wa giliro ndi malo a speedometer. Akaona giliro ya pulasitiki ya Series III pa IIA amagwedeza mutu. Ena amati galimoto ndi yoyenda, bola ilire, ikafike ku Petauke n'kubwerako. Oyambawo sindiwanyoza. Galimoto imene yafika lero ili ndi injini yake yobadwa nayo, manambala onse akugwirizana, ndi yosowa, ndipo kuidula kuti ulowetse injini ina n'kuwononga chinthu chimene sichidzabweranso. Mwini wa yotere ndimamufunira cha chaka chake ngakhale adikire miyezi, ndipo amalipira kudikirako. Koma zotere ndi zowerengeka. Zambiri zinasakanizidwa kale mwini wake asanabadwe, ndipo kulimbikira kuti Land Rover ya pafamu ikhale ndi dainamo pomwe olitaneta ilipo n'kuzunza batire chabe.

Chimene ndimakana ine ndi kusakaniza mwa theka. Chitsulo chilichonse chili ndi anzake amene chimagwira nawo ntchito, ndipo chikasamuka chisamuke nawo. Wa 88 akafuna mabuleki a mainchesi 11 kutsogolo m'malo mwa a mainchesi 10, n'zotheka, fakitale yomwe inachita zimenezo kuyambira 1980, koma master cylinder ikhale yogwirizana nawo, apo ayi phazi lidzafika pansi galimoto ikupitabe. Wofuna injini ya 200Tdi, imene inayamba ndi Discovery mu 1989, adziwe kuti giyabokosi ya Series ndi ma half shaft a mano 10 sanapangidwire mphamvu imeneyo, ndipo mabuleki akale aja ndi amene adzaimitse liwiro latsopanolo potsika mapiri a ku Luangwa. Wa Land Cruiser amene akuchotsa injini ya F kuti aike 2F ya 1975 kupita m'tsogolo, kapena giyabokosi ya magiya anayi m'malo mwa atatu, afunse za transfer case ndi kutalika kwa ma propshaft asanatulutse ndalama. Ndikaona kuti munthu ali ndi ndalama ya injini yokha, ya mabuleki alibe, ndimamuuza ayambe mabuleki. Ena amakwiya n'kupita kwa wina. Apite.

China ndi kubisa. Kusakaniza kumakhala chinyengo pamene munthu wagulitsa galimoto ya bodi ya 1965 yokhala pa chasisi ya 1978 n'kumati ndi yoyambirira. Wogulayo amataya ndalama, komanso amadzandivutitsa ine, chifukwa adzaoda masipeya a 1965 amene sadzalowa. N'chifukwa chake pa lisiti yanga ndimalemba kuti chitsulochi chachoka pa galimoto yanji, ya chaka chiti, nambala yake ndi iti, ndipo ndimauza mwiniwake asunge kabuku m'galimoto kolembamo zonse zimene zasinthidwa. Zimene wachotsa asagulitse kwa a zitsulo zapakilo. Aziike pouma, chifukwa wodzagula galimotoyo m'tsogolo akhoza kufuna kuibwezera mwakale, ndipo mtengo umakwera zikakhalapo. Akasintha injini apite nayo ku RTSA, bungwe lolembetsa magalimoto, kuti nambala yatsopano ilowe m'mabuku, pamodzi ndi lisiti ija ndi mapepala a ZRA. Amene amanyalanyaza amadzaona mavuto tsiku la fitness kapena posintha umwini.

Iwe ngati ukufunadi kuyamba, sankha mtundu umodzi wa galimoto, ukhale pafupi ndi makaniko amene wakalambira pa mtunduwo, upeze buku lake la masipeya uliwerenge mpaka manambala akhale m'mutu. Ulendo woyamba ubwere ndi zinthu zotha msanga zokhazokha, ma seal, ma bearing, zamabuleki ndi ma gasket, zimene zikakanika kwa uyu zimalowa kwa winayo. Injini ndi magiyabokosi zidikire mpaka utapeza ejenti womukhulupirira ndi wa thiraki amene katundu wake amafika.