Chiwongolero cha boti chalimba

Funso: Akulu, boti langa la injini ya Yamaha 40 lakhala pagombe miyezi itatu. Pano chiwongolero chikulimba, kukhotera kumanzere mpaka thukuta. Nditani? Wowerenga wa ku Nkhata Bay.

Yankho: Achimwene, musachikakamize, mudula kebulo yochokera ku chiwongolero kupita ku injini pakati pa nyanja mwera ukuwomba. Masulani kebulo pamene yalumikizana ndi injini, kenako pukusani chiwongolero. Chikafewa, kankhani injini ndi manja. Ikavuta, popani girisi m'timabowo ta pomwe imazungulira. Koma kawirikawiri vuto limakhala m'paipi momwe mumadutsa chitsulo cha kebulo: girisi wakale amauma n'kusakanikirana ndi mchenga ndi dzimbiri. Chisololeni, chipaleni, pakani girisi wosachoka ndi madzi. Chiwongolero chikalimbabe, kebuloyo yatha. Ine sindikonza imeneyo, ndimagula ina yofanana kutalika.