Ndalama za zibaluni za intaneti zija ankalipira ndani?

Achemwali ena a ku Lichinga andilembera imelo sabata ino. Akuti mu May 2020 anamva kuti Vodacom yagwirizana ndi kampani ya Loon, yomwe inayambitsidwa ndi Google, kuti zibaluni zoyandama kumwamba zibweretse intaneti ku Niassa ndi ku Cabo Delgado m'dziko la Mozambique, koma pofika January 2021 Loon inali itatsekedwa. Funso lawo n'lakuti, kodi kampani ngati Google imalolera bwanji kuthira ndalama pa chinthu chosadziwika ngati chitheka, ndipo amalipira ndani?

Achemwali, ndalamazo zimachokera ku zotsatsa malonda zomwe mumaziona pa Google ndi pa YouTube. Phindu lalikulu la kampaniyi lili kumeneko, ndipo kachigawo kake n'komwe kamadyetsa ntchito zoyesera. Koma nkhani yagona pa kasungidwe ka kachigawoko.

Mlimi wanzeru sasunga chimanga cha mbewu m'nkhokwe imodzi ndi chakudya, chifukwa njala ya mu February ikafika manja amapita okha. Kampani yaikulu nayo ili ndi njala yakeyake: miyezi itatu iliyonse imayenera kuonetsa eni masheya phindu. Bwana amene akuyezedwa ndi mlingo umenewu, mukamusungitsa ndalama za kafukufuku wa zaka khumi, azidya basi, ndipo sindingamudzudzule. N'chifukwa chake Google inakhazikitsa X mu 2010 ngati nthambi yapayokha ya ntchito zoyesera, momwe Loon inabadwira, kenako mu 2015 n'kupanga Alphabet, kampani yomwe ndi mwini wa Google ndi X, ndipo imalemba ntchito zoterezi padera pansi pa dzina lakuti Other Bets. Gawo limeneli limaluza mabiliyoni a madola chaka ndi chaka, ndipo eni masheya amaona poyera.

Ndalamazo siziperekedwa zonse kamodzi. Ku X, gulu la ntchito yatsopano limayamba ndi anthu ochepa, n'kuuzidwa kuti liyambe ndi chomwe chingaphe ntchitoyo, zophweka zidikire. Likadutsa pamenepo limawonjezeredwa. Chitsanzo chomwe chimandigwira mtima ndi Foghorn, ntchito yopanga mafuta a galimoto kuchokera ku madzi a m'nyanja yamchere. Mafutawo anapangikadi, koma atawerengera anapeza kuti mtengo wake sungapikisane ndi petulo. Eni ntchitoyo okha anapempha kuti itsekedwe mu 2016. Astro Teller, yemwe amatsogolera X, wakhala akunena poyera kuti magulu otseka okha ntchito zawo amapatsidwa bonasi. Zikumveka zachilendo, koma taganizani: munthu amene akudziwa kuti ntchito ikatha nayenso watha adzabisa choonadi mpaka ndalama zonse zitapsa.

Tsono pa Loon, maganizo anga ndi akuti funso lovuta analifunsa mochedwa. Kuulutsa zibaluni pamtunda wa makilomita pafupifupi 20 anakwanitsa. Anathandiza ku Puerto Rico mu 2017 itawomba mphepo yamkuntho ya Maria, ndipo mu July 2020 anayamba kugwira ntchito ku Kenya limodzi ndi kampani ya mafoni ya Telkom. Kampani ya HAPSMobile, nthambi ya SoftBank ya ku Japan, inaikamo madola 125 miliyoni mu 2019. Koma chibaluni chimatha pakangopita miyezi, n'kufunika china, pamene munthu wakumudzi yemwe akuchifuna kwambiri nthawi zambiri alibe foni ya 4G kapena ndalama ya bandulo. Potseka, akuluakulu a Loon anavomera kuti sanapeze njira yotsitsira mtengo kuti bizinesiyo iime payokha. Masamu amenewa anayenera kuwavutitsa kuyambira 2013 pomwe ankayesa ku New Zealand.

Sikuti zonse zinapita m'madzi. Luso lotumiza deta pa kuwala kwa laser, lomwe ankalumikizira zibaluni, linabala ntchito ina ya intaneti yotchedwa Taara, yomwe mu 2021 inalumikiza Brazzaville ndi Kinshasa kudutsa mtsinje wa Congo popanda kuyala waya. Waymo, ya magalimoto odziyendetsa okha, inachoka ku X mu 2016 n'kukhala kampani payokha. Kampani imawerengera kuti imodzi yotere ikaphula kanthu ibweza zomwe zinatayika pa zinzake zambiri.

Chomwe chikundiwawa m'kalata yanu n'chakuti masamu amenewo ndi a Alphabet. Iyo ikatseka ntchito imatenga akatswiri ake ndi luso lake n'kupita nazo kwina. Inu amene munamva lonjezo ku Niassa simunali nawo m'chipinda momwe anagamula ku California, ndipo palibe anabwera kudzakufunsani kuti bandulo mungaigule pa mtengo wanji.