Makonsati 12 pachaka? Achemwali, tiyeni tikhale pansi kaye

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Matawale muno mu Zomba, mphunzitsi wa ku pulayimale. Dzina sinditchula poti sanandiuze kuti nditchule. Akuti iwo ndi anzawo pafupifupi 20 akhala akukumana Loweruka masana kumangoimba, ambiri ndi a makwaya a mipingo yosiyanasiyana, awiri amadziwa gitala, wina ali ndi kiyibodi yake, ndiye aganiza zoti kakhale kagulu kenikeni kokhala ndi komiti, kazichititsa konsati mwezi uliwonse, 12 pachaka, pena kumaitanako oimba a kwina. Palibe wolipidwa, onse ndi ongodzipereka. Funso lawo ndi loti tiyambire pati, nanga inu munkatani kuti gulu lisathere panjira? Kumapeto afunsanso za yunifomu.

Achemwali, zikomo pondikhulupirira. Ine ndinakhalapo mlembi wa kagulu kotere kwa zaka zingapo muno mu Zomba, kenako msungichuma kwa chaka chimodzi chomwe mpaka lero ndikachikumbuka mutu umayamba kuwawa, ndiye zomwe ndikuuzeni pano zina nzoti ndinapsa nazo ndekha.

12 yo ifufuteni. Lembani 4.

Ndikudziwa mukhumudwa, pakuti panopa aliyense ali ndi moto, wina akuti tikaimbe ku Ku Chawe, wina akuti Great Hall ya ku Chanco, wina wayamba kale kukamba za yunifomu. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Konsati imodzi yabwino imadya mapulakatisi osachepera masabata 6, kuphatikiza kusaka holo, kusaka zoimbira, kumata mapositala, kuthamangitsa matikiti, ndiye mukati mwezi uliwonse ndiye kuti mukutsika pa siteji Lamulungu, Lolemba mwayamba kale kukangana za yotsatira, ndipo anthu omwe akuchita zonsezi ndi aphunzitsi, manesi, apolisi, azimayi a geni, oti ali ndi ntchito zawo, ana, ndi maliro. Maliro musawaiwale pa mapulani anu. Pa anthu 20, mwezi sungathe popanda wina kupita kumudzi kukaika m'bale wake, ndipo ikakhala tena wanu mmodzi yekhayo amene amagwira nyimbo, pulakatisi yafa basi.

Nanga 4 yo muiike pati? Apa ndiye pamene pali nkhani, chifukwa kalendala ya Zomba siili pa khoma, ili m'matumba mwa anthu ndi kumwamba.

January ndi February musayerekeze. Fizi yangolipidwa kumene, chimanga chili pa mtengo wokwera, m'nyumba zambiri ndi gwiragwira, munthu sangasiye kugula ufa kuti adzamve inu mukuimba. Ndipo mvula ya kuno mukuidziwa, ikatsika m'phirimu ndi kugwa pa malata a holo, ngakhale mutakhala ndi sipika zazikulu bwanji omvera amangoona milomo ikuyenda. March nayenso ndi wosadalirika, tonse tikukumbuka zomwe namondwe Freddy anachita kuno kummwera mu 2023. Miyezi imeneyo ndi yophunzira nyimbo zatsopano mwakachetechete. Ine ndikanaika yoyamba mu May anthu atakolola, yachiwiri kumapeto kwa July mayeso a MSCE atadutsa kuti ana asukulu ndi aphunzitsi apume, yachitatu mu October pafupi ndi tsiku la anakubala pa 15, poti tsiku limenelo anthu amafuna kotengera amayi awo ndipo sawerenga kwambiri ndalama, yomaliza kumayambiriro kwa December ya nyimbo za Khirisimasi, mipingo isanatanganidwe ndi zake.

Tsiku lakenso lisankheni mwanzeru. Zomba anasiya kukhala likulu mu 1975, aphungu anasamuka pambuyo pake, koma mzindawu ukadali wa anthu a pa malipiro a boma, ndiye konsati ya pa 18 mwezi mudzaimbira mabenchi. Ikani wikendi yoyamba malipiro atatuluka. Lachisanu anzathu achisilamu ali ku mzikiti, Loweruka a Seventh Day ali ku tchalitchi komanso maholo onse atengedwa ndi maukwati, makamaka kuyambira August mpaka October, ndiye chotsala ndi Lamulungu masana. Yambani 2 koloko, pofika 5 mwamaliza, kuti wa ku Chinamwali, wa ku Sadzi, wa ku Chikanda apeze kabaza kusanade. Mu June ndi July dzuwa likangobisala kuseri kwa phiri kuzizira kumatsika nthawi yomweyo ndipo agogo amayamba kunyamuka mmodzimmodzi nyimbo ili mkati. Komanso onani kaye ngati tsikulo kulibe gemu ya Bullets ndi Wanderers kkkk, ife tinaphunzira mochedwa, azibambo a bezi anabwera matupi okha, mitima ili pa wailesi ya pa foni.

Za holo ndidutsa mwachangu. Yambani ndi yaing'ono, ya tchalitchi kapena ya sukulu. Anthu 80 mu holo ya anthu 100 amapita kwawo akunena kuti kunadzaza, anthu 80 omwewo mu holo ya 1,000 amati kunalibe anthu. Malo akuluakulu adzabwera okha. Mukagwirizana mtengo lipirani dipoziti ndipo mutenge lisiti lolembedwa deti, chifukwa zapakamwa zimasintha pakabwera wa ukwati ndi ndalama zake.

Magetsi. Konsati yathu ina, holo itadzaza bwinobwino, kiyibodi itangoyamba nyimbo yachitatu, thi! magetsi aja. Jenereta tinali titabwereka, inde, koma aliyense ankaganiza kuti mafuta wagula mnzake. Mnyamata wina ananyamuka ndi chigubu pa njinga kupita ku filing'i siteshoni, ife tili chiimire kutsogolo kwa anthu ngati tagwidwa tikuba. Amene anatipulumutsa ndi mayi wina wa alito, wachikulire ndithu, amene anangoyamba yekha nyimbo ya chitsitsimutso yodziwika ndi aliyense, kuomba m'manja, holo yonse n'kulandira, ndipo pamene jenereta imalira patatha mphindi 40 anthu ena anadandaula kuti bwanji mwayatsa. Kuchokera tsiku limenelo pulogalamu yathu iliyonse inkakhala ndi nyimbo zosachepera 5 zoti titha kuimba pakamwa pokha ndi ng'oma, ndipo pa pepala la ntchito pankalembedwa dzina la munthu mmodzi pambali pa mawu oti mafuta. Dzina la munthu, osati komiti. Chilichonse chomwe mwalemba kuti "komiti iona" dziwani kuti palibe adzaone.

Tsopano ndalama, pomwe magulu ambiri amafera. Sindinaonepo kagulu katatha chifukwa choimba moipa, koma omwe anatha chifukwa cha envelopu ya pa geti ndawaona angapo, ndipo anthu ake mpaka lero akakumana mu msika waukulu amayang'ana kumbali.

Chaka changa cha usungichuma ndinalakwitsa chinthu chimodzi chopusa. Konsati itatha ndinatenga ndalama za pa geti osawerenga, kuziika mu jumbo, kupita nazo kunyumba poti kunali kutada ndipo aliyense anali atatopa. Mawa lake nditawerenga zinali zochepa kuposa momwe anthu ankaganizira poona kudzaza kwa holo. Sindinatengepo ngakhale K50, Mulungu ndi mboni, koma ndani akanandikhulupirira? Chomwe chinachitika n'choti theka la holo linalowa ulele, uyu ndi mlamu wa atcheya, awa ndi abusa sitingawalipiritse, awa ndi ana a mayi a soprano, uyu wanyamula sipika, ndipo mnyamata wa pa geti sakanatha kukaniza akuluakulu. Koma poti panalibe cholembedwa, nkhani inayenda kuti asungichuma agulira nkhuku. Miyezi itatu ndinkalowa mu pulakatisi anthu n'kusiya kulankhula.

Ndiye inu chitani chonchi. Matikiti akhale ndi manambala, odula pakati, chidutswa china chitsale. Pa geti pakhale anthu awiri osachokera nyumba imodzi kapena mpingo umodzi, ndipo mmodzi akhale wachikulire woti angathe kuuza abwana aliwonse kuti pepani bambo, tikiti. Olowa ulele alipo ndithu, sitingathawe, ndi chikhalidwe chathu, koma woimba aliyense mpatseni tikiti imodzi yaulere yolembedwa, ikatha yatha. Ndalama ziwerengedwe tsiku lomwelo, mu holo momwemo, anthu atatu akuona, asayine pa pepala, wina ajambule pepalalo aponye pa gulupu ya WhatsApp anthu asanafike n'kunyumba komwe. Olipira pa Airtel Money kapena Mpamba atumize pa nambala ya gulu, simu yakeyake, osati ya atcheya yomwe amalandirirapo za lendi. Mukakula pang'ono tsegulani akaunti ku banki, osayinira atatu, awiri aliwonse azitha kutapa. Ku banki adzakufunsani malamulo a gulu ndi maminitsi, ndiye lembani kamalamulo ka masamba awiri kuyambira pano, konena kuti maudindo ndi a nthawi yaitali bwanji, chopereka cha pamwezi ndi zingati, ndipo gulu likadzatha katundu adzapita kuti. Mfundo yomalizayi anthu amaiseka, koma dikirani tsiku lomwe mudzagule maiki anu.

Ndipo chonde, thumba la gulu si banki mkhonde. Mukangobwereketsa mmodzi wa vuto lenileni, mwezi wamawa abwera atatu. Za chipepeso pa maliro pangani kathumba kena kapadera.

Musadalire geti yokha. Nthawi zambiri ya pa geti imangokwana holo, zoimbira ndi mafuta. Chomwe chinkatinyamula ife ndi chopereka cha mamembala, kugulitsa mandasi, zitumbuwa ndi thobwa pa nthawi yopuma, ndi anthu ochepa okonda nyimbo omwe tinkawagulitsa tikiti ya chaka chonse pa konsati yoyamba, mpando wakutsogolo n'kumawasungira. Ndalama imeneyo ndi imene inkalipira madipoziti. Eni mashopu a mtauni ndi bwino kuwapempha chinthu osati ndalama, wina akusindikizireni mapositala, wina madzi akumwa, dzina lake mulitchule pa maiki kawiri, amasangalala. Bajeti ya chaka ilembeni ndi pensulo. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mitengo yonse yomwe anthu anagwirizana ya December inasanduka nthano.

Oimba oitanidwa. Ngakhale atanena kuti abwera mwaulere, thiransipoti ndi chakudya ndi zanu, ndipo muwapatse m'manja asanakwere minibasi yobwerera ku Blantyre kapena ku Liwonde, osati tidzakutumizirani. Mbiri ya gulu losalipira imathamanga kuposa positala. Komanso musanayang'ane kutali yang'anani pafupi. Zomba ili ndi luso lambiri, oimba a ku ndende ya Zomba anafika mpaka pa mndandanda wa opikisana pa mphoto za Grammy mu 2016, ku Chanco kuli ophunzira za nyimbo omwe amafuna pokaonetsera zomwe akuphunzira, kungoti muzidziwa kalendala yawo chifukwa holide ikafika onse amabalalika. Ndipo m'midzi yozungulira kuno muli madala oimba bangwe ndi kaligo, magulu a tchopa, a beni, a manganje, omwe ana a mtauni sanawaonepo ndi maso. Ife tinaitanapo agogo ena a bangwe, anafika ndi bangwe wawo atamukulunga mu thumba la feteleza, anakana mpando, anakhala pa mkeka kutsogolo, maiki tinachita kuwagwirizira pansi. Ana omwe ankathamangathamanga kumbuyo anabwera okha kudzakhala mowazungulira. Konsati imeneyo anthu amaikambabe, nyimbo zathu za mavoisi anayi zomwe tinavutika nazo miyezi iwiri palibe amazikumbuka.

Mukamaimba nyimbo za eni ake pa konsati yolipiritsa, dziwani kuti kuli COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, ndipo lamulo lake linakonzedwanso mu 2016. Afunseni za laisensi nthawi ikadalipo. Kalata yodziwitsa apolisi ndi khonsolo nayonso ilembeni msanga, siidya kanthu.

Chotsala ndi inuyo achemwali. Mmene imelo yanu yalembedwera ndaona kale kuti ndinu amene mudzakhale mukutsegula holo, kusesa, kuimbira foni ochedwa, kuphika tiyi, kenako n'kukaima pa mzere wa soprano. Chaka choyamba mudzakwanitsa, chachiwiri mudzayamba kukwiyira anthu mumtima, chachitatu mudzangosiya, ndipo poti zonse zinali m'mutu mwanu gulu lidzagona pomwepo. Pezani anthu okonda nyimbo koma osaimba, alipo ambiri, amuna a mamembala, ana a Fomu 4 omwe akudikira zotsatira, apatseni geti, mipando, mapositala. Konsati iliyonse ikhale ndi mwini wake wosiyana, inu mutenge imodzi yokha pa zinayizo. Gulani kope la hadikava lolembamo zonse, nambala ya mwini jenereta, mtengo wa holo, zomwe zinavuta ulendo watha, kuti wobwera pambuyo panu asayambirenso pa ziro.

Za yunifomu munafunsa kumapeto zija, aliyense avale malaya oyera omwe ali nawo kale, chitenje chimodzi mudzagula geti ikayankha. Deti ya May ikadziwika ndiuzeni, ndibwera ndi chigubu cha mafuta.