Mwana wanga akufuna kuphunzira zoteteza makompyuta, si umbava umenewu?

Mayi ena andilembera kuti mwana wawo wamkazi, amene akumaliza sekondale, akufuna kuphunzira za chitetezo cha makompyuta. Akuti akamumva akukamba zothyola mapasiwedi mtima umawagunda, poopa kuti ndalama zawo za fizi zidzalera mbava.

Mayi, mantha anuwa sindikuwapeputsa. N'zoona kuti woteteza makompyuta amaphunzira mmene akuba amaloweramo, monganso dokotala amaphunzira za poizoni. Sayansi ndi mpeni wakuthwa konsekonse kuyambira kale. Fritz Haber wa ku Germany anatulukira njira yopangira amoniya, gwero la feteleza amene akudyetsa anthu ochuluka lero, koma yemweyo ndiye anatsogolera kuthira mpweya wakupha wa chlorine pa nkhondo ku Ypres, m'dziko la Belgium, mu 1915.

Ndikufuna mumve nkhani ya Marcus Hutchins, ndipo mumuwerengere mwanayo. Mu Meyi 2017 pulogalamu yoipa yotchedwa WannaCry inatseka makompyuta m'mayiko oposa 150, eni ake n'kumauzidwa kuti alipire kuti mafayilo awo atsegulidwe. Zipatala zambiri za ku Britain zinachita kubweza odwala. Chowawa n'chakuti Microsoft inali itatseka kale mpata umene pulogalamuyo inkalowera, miyezi iwiri m'mbuyomo, koma ambiri anali asanakonze makina awo. Amene anaimitsa mliriwu anali Hutchins, mnyamata wa ku Britain wa zaka 22, amene luso lake anadziphunzitsa yekha. Dziko lonse linamutamanda. Patangotha miyezi itatu anamangidwa ku Las Vegas, m'dziko la America, chifukwa cha pulogalamu yobera makasitomala a mabanki imene anathandiza kulemba zaka zam'mbuyo, ndipo mu 2019 anavomera mlandu. Luso linali lomwelo, mutu womwewo. Zimene anachita ali wamng'ono, poganiza kuti palibe akumuona, zinamulondola mpaka pa tsiku la ulemerero wake.

Tsono iwe mwanangu, mvetsa apa. Banki kapena kampani ya mafoni ikamalemba munthu ntchito imeneyi imamupatsa makiyi a chuma ndi zinsinsi za anthu. N'chifukwa chake ambiri amayamba afufuza mbiri yako, ngakhale ku polisi, asanakulole kukhudza kalikonse. Luso angathe kukuwonjezera iwo eni pa ntchito pomwepo, koma akangokukayikira sakupatsanso mpata. Lamulo la ntchitoyi ndi limodzi: usalowe m'kompyuta, m'foni kapena mu akaunti ya munthu popanda chilolezo cholembedwa. Ngakhale Facebook ya mnzako, ngakhale mongoseweretsa. Akatswiri amene amalipidwa kuti ayese kuthyola makina a kampani amayamba asainirana pangano lonena malo amene angalowe ndi amene sangalowe.

Za maphunziro n'zosavuta kufotokoza. Limbikira masamu ndi Chingerezi. Ukapeza mwayi wa koleji, sankha digiri ya sayansi ya makompyuta kapena ya IT, chifukwa sungateteze netiweki imene sukudziwa mmene imayendera. Phunzira Linux (pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta) ndi Python (chilankhulo cholembera mapulogalamu), ndipo ziyeso zako uzichitira pa makina ako kapena m'mipikisano yovomerezeka yothyola makina oyeserera yotchedwa Capture the Flag. Satifiketi yoyambira yodziwika ndi CompTIA Security+. Ya CISSP, imene ambiri amaithamangira, imafuna zaka 5 za ntchito, choncho usaifulumirire.

Mayi, ine ndikuti muloleni. Atsikana ndi ochepa kwambiri m'ntchito imeneyi, ndipo zimandipweteka ndikaona mwana waluso akubwezedwa ndi mantha a makolo. Simukufunika kudziwa zamakompyuta kuti mumutsogolere. Mukamuona ali pa makina usiku, mufunseni modekha kuti, "Kompyuta imene ukuyesayo ndi ya yani, ndipo mwini wake wavomera?" Akayankha mosazengereza, mupatseni foni yanu akuikireni chitetezo cha magawo awiri pa akaunti zanu, chimene chimafuna pasiwedi ndi nambala ina yachinsinsi munthu asanalowe.