Ukufuna kupulumutsa mavidiyo akale? Yamba waphunzira kukonza makina ake

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa ku Matero amene analemba mayeso a Grade 12 chaka chatha. Akuti anaona pa YouTube akatswiri a kumyuziyamu akukonza zaluso za vidiyo zimene makina ake anasiya kupangidwa, ndipo mtima wake unagwera pomwepo. Bambo ake akuti zimenezo n'zachibwana, apite akaphunzire unamwino. Iye wangokhala pakhomo kudikira sikolashipu ya kunja, ndipo akufunsa kuti alowere kuti.

Makalata otere amandipeza kawirikawiri: mwana waona ntchito yosangalatsa pafoni, kholo likukakamiza yake, miyezi n'kumangotha.

Mwana wanga, ndiyambe ndi chowawa. Ntchito imeneyi ilipodi. Myuziyamu ya Tate ku London ili ndi gawo losamalira zaluso zoterezi, ndipo maphunziro ake amapezeka m'malo ngati New York University ndi ku Bern ku Switzerland. Koma ambiri ndi a digiri yachiwiri, malo ndi ochepa, ndipo ndalama zake n'zosaneneka. Munthu wa Grade 12 amene sanagwirepo kaseti ndi dzanja sangamuganizire n'komwe. Chaka chimene wakhala pakhomochi wachitaya, ndipo sindikufuna kumva kuti wataya china.

Tamva mmene ntchitoyo imakhalira. Nam June Paik, mmisiri wa ku Korea, anamanga nsanja ya ma TV 1,003 mu 1988, imene ili kumyuziyamu ya ku Gwacheon pafupi ndi Seoul. Mu 2018 akuluakulu a myuziyamuyo anaizimitsa chifukwa ma TV aja anali atakalamba, ndipo anadzaiyatsanso mu 2022. Ma TV ambiri anachita kuwakonza imodziimodzi, ndipo m'mabokosi a amene anakanikiratu anaikamo magalasi atsopano a LCD. Ntchito yonseyo inafuna anthu odziwa kutsegula TV yakale ya msana ija, kuyeza magetsi ndi mita, kuchotsa capacitor (kachipangizo kosunga magetsi) yofufuma n'kuwotcherera ina. Anthu amenewa ndi amene akusowa padziko lonse, poti achinyamata ambiri anathamangira kukonza mafoni.

Ndiye njira imene ndikukulangiza ndi iyi: lembetsa kosi ya electronics pa koleji yovomerezeka ndi TEVETA. Ukapeza mpata pambuyo pake, wonjezera maphunziro a zosunga mabuku ndi zolembedwa ku UNZA, chifukwa kukonza kokha sikukwanira, uyeneranso kudziwa kulemba chilichonse chimene wasintha pa ntchito ya mmisiri ndi chifukwa chake.

Makina oonetsera makaseti a vidiyo akufa msanga kuposa matepi. Kampani ya Funai, yomaliza kupanga makina a VHS, inasiya mu 2016. A U-matic, amene Sony inatulutsa mu 1971, ndi a Betacam amene mawailesi a kanema ankadalira, zipangizo zake umazipeza pophwasula makina ena akufa. Lamba amauma, mitu yowerenga tepi imatha. Matepinso ali ndi matenda awo: guluu wogwira utoto wa maginito amayamwa chinyezi, tepi n'kuyamba kumata, ukaiika m'makina imalira n'kusiya phala lakuda pamitu. Akatswiri amaiumitsa kaye mu uvuni wapadera pa kutentha kwa madigiri 50 kapena kuposerapo pang'ono, n'kuikopera pakompyuta isanabwerere mwakale. Usayese zimenezi mu uvuni wa amayi ako. Taganiza tsono za makaseti amene akhala m'katoni pansi pa bedi nyengo zamvula zonsezi, ena atachita kale chuku choyera m'mbali. Bungwe losunga mafilimu la ku Australia linachenjeza kuti matepi osakopedwa pofika 2025 ambiri adzatayika, ndipo ife kuno zimenezo tinkangozimva ngati za eni.

Inu bambo, unamwino ndi ntchito yolemekezeka, sindikutsutsa. Koma kodi munakhalapo naye pansi mwanayu kumufunsa chimene manja ake amatha? Namwino wokakamizidwa amavutitsa odwala, ndipo ndatopa kuona makolo akulipira fizi ya kosi imene mwana amaisiya pakati. Luso la magetsi ndi buledi: ngakhale za myuziyamu zitakanika, adzakonza ma inverter, zokuzira mawu za kutchalitchi ndi zipangizo za m'situdiyo.

Iwe mwana, yambira pafupi. Funsa akuluakulu a kutchalitchi kwanu za makaseti a kwaya, azakhali ako za a ukwati ndi kitchen party. Peza makina a VHS ogwira ntchito ndi kachipangizo kolowetsera vidiyo pakompyuta, phunzira pulogalamu yaulere yosinthira mafayilo a vidiyo ya FFmpeg, sunga fayilo iliyonse m'malo awiri osiyana, ndipo kaseti yeniyeniyo usaitaye. Lemba m'kope tsiku, mwini wake, ndi vuto limene unapeza. Kayendereko ku National Archives of Zambia, ku Lusaka National Museum ndi ku Henry Tayali Gallery ku Showgrounds, ukafunse ngati angalole munthu wothandiza mongodzipereka.

Sindikulonjeza kuti udzafika ku London. Koma ukadzalembera sikolashipu uli ndi satifiketi ya electronics ndi kope losonyeza makaseti amene unapulumutsa, kalata yako adzaiwerenga mpaka kumapeto. Pita ukatenge mafomu sabata ino, ndipo bambo ako uwatenge mupitire limodzi.